Napolo Amaimba Ng'oma: Zimene Mapiri a Chipale Angatiphunzitse Ife a ku Mangochi

Chiyambi

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Awa ndi mawu amene timatonthozana nawo pakagwa zovuta, ndipo ambiri a ife tinawakumbukira mu Malichi 2023 pamene mvula ya namondwe wa Freddy inagumula mapiri m'chigawo cha kummwera. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka pafupifupi wonse. Ku Mulanje ndi ku Phalombe nako kunali maliro okhaokha, ndipo anthu amene anamwalira kapena kusowa m'dziko muno anapitirira 1,000.

Ife a ku Mangochi tinavutika ndi madzi osefukira, koma ambiri a ife nkhani ya mapiri ogumuka tinkaimvera pawailesi ngati ya kwa eni ake. Maso athu amakhala kunyanja, pakuti ndiko kumachokera ndiwo, ndalama ndiponso ngozi zimene tinazolowera. Phiri timalifulatira. Komatu kuyambira ku Makanjira mpaka ku Malindi, ndiponso kuyambira ku Nkope mpaka ku Chembe, midzi yambiri inapanikizika pakati pa madzi ndi phiri.

Chimangirizo chino chifotokoza kuti phiri siligumuka mwadzidzidzi monga mmene timaganizira. Ngoziyi imakonzeka pang'onopang'ono mkati mwa nthaka, ndipo imaonetsa zizindikiro. Pofuna kumveketsa mfundo imeneyi, tiyamba taona zimene anthu a m'maiko ozizira anaphunzira pa kugumuka kwa chipale, kenaka tibwerera kumapiri a kwathu.

Mawu amene tili nawo kale

Chichewa chili ndi mawu angapo onena za ngozi yamtunduwu. Chigumula ndi madzi ochuluka ongosesa chilichonse. Chigumukire ndi dothi kapena miyala imene yagumuka pamalo otsetsereka. Koma mawu amene anthu a kummwera amathamangira kutchula ndi napolo. Malinga ndi chikhulupiriro cha makolo, napolo ndi chinjoka chimene chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja kapena kuphiri lina chimagumula nthaka, kuzula mitengo ndi kugubuduza matanthwe. Dzinali linalowanso m'zolembalemba zathu, pakuti malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Napolo Poems mu 1987.

Mawu amene tilibe ndi a ngozi ya chipale, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu. Ngakhale pansonga ya Sapitwa, imene ndi yotalika mamita 3,002, pamagwa chisanu chokha koma chipale sichiunjikana. M'maiko ozizira, m'nyengo yachisanu kumagwa timadzi touma, toyera ndi tofewa ngati ufa, timene m'mabuku ena amatitcha chipale chofewa. Chipalechi chimaunjikana m'mapiri kwa miyezi ingapo mpaka kutalika kuposa munthu. Mulu umenewu ukagumuka n'kutsika ndi liwiro, Angerezi amati kwachitika avalanche. M'chimangirizo chino tizingoti chigumukire cha chipale.

Mmene chipale chimagumukira

Munthu woona chithunzi cha phiri loyera mbee angaganize kuti chipale chonsecho ndi mulu umodzi. Sizili choncho. Chipale chimagwa masiku osiyanasiyana, ndipo chilichonse chimayalika pamwamba pa chinzake monga mikeka yosanjikiza. Gawo lililonse tilitche muyalo. Muyalo wina umagwa kukuwomba mphepo, ndipo umatsenderezeka n'kulimba ngati thabwa. Wina umakhala pamtunda kwa masiku angapo kunja kukuzizira koopsa, ndipo timibulu take timasintha n'kukhala tosagwirana ngati shuga. Chipale chatsopano chikagwa pamwamba pake, muyalo wofookawo umabisika, ndipo ukhoza kukhala chomwecho kwa milungu kapena miyezi.

Tiyerekeze ndi thabwa limene laikidwa pa khobwe wouma amene wayanikidwa pathanthwe lopendekeka. Thabwalo likhoza kukhazikika tsiku lonse, koma mwana akangolipondapo, khobwe amagubuduka ndipo thabwa lonse limatsetsereka nthawi imodzi. Umu ndi mmene chigumukire choopsa kwambiri chimachitikira. Muyalo wofooka ukaphwanyika pamalo amodzi, mng'alu umathamanga pansi pa chipale mtunda wautali m'kanthawi kochepa, ndipo mbali yonse ya phiri imanyamuka. Liwiro lake limatha kupitirira makilomita 100 pa ola.

Akatswiri amati pamafunika zinthu zinayi kuti ngoziyi ichitike: malo otsetsereka, makamaka opendekeka madigiri 30 mpaka 45, muyalo wolimba pamwamba, muyalo wofooka pansi pake, ndiponso chinthu choyambitsa. Choyambitsacho chikhoza kukhala chipale chatsopano, mphepo imene yasesera chipale kumbali imodzi ya phiri, kutentha kwa dzuwa, mvula, kapena kulemera kwa munthu. Chodabwitsa n'chakuti mwa anthu ochita masewero otsetsereka pachipale amene amafa pangoziyi, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse amakwiririka ndi chigumukire chimene ayambitsa iwo eni kapena anzawo a paulendo. Ambiri amakhala amene asiya malo otetezedwa n'kulowera m'mapiri akutali kumene kulibe owayang'anira. M'mapiri a Alps ku Ulaya mumafa anthu pafupifupi 100 chaka chilichonse.

Mfundo yofunika kuigwiritsa apa ndi yakuti wopondayo amangomalizitsa. Ngoziyo inayamba kalekale, tsiku limene muyalo wofooka unakwiririka.

Mmene anaphunzirira kuwerenga phiri

Anthu a ku Alps nawo anaphunzira atalira. M'nyengo yachisanu ya 1950 mpaka 1951 zigumukire zinapha anthu oposa 250, makamaka ku Austria ndi ku Switzerland. Pa 23 Febuluwale 1999 chigumukire chinalowa m'mudzi wa Galtür ku Austria n'kupha anthu 31, ndipo chinafika mpaka kumbali ya mudzi imene inkaonedwa ngati yopanda chiopsezo. Izi zinawaphunzitsa kuti mawu akuti "kuno sizinachitikepo" si chitetezo.

Ku Davos, m'dziko la Switzerland, kuli bungwe lofufuza za chipale lotchedwa SLF, limene lakhala likutulutsa machenjezo kuyambira mu 1945. Ogwira ntchito yotere amakumba dzenje m'chipale, n'kuyang'ana miyalo umodziumodzi, kuigwira ndi manja, ndi kuiyesa kuti aone pamene ikuthyokera. Amalembanso kuchuluka kwa chipale chimene chagwa, kumene mphepo yachokera ndi mmene kwazizirira, kuyambira kumayambiriro kwa nyengo mpaka kumapeto. Iwo safunsa za nyengo ya lero yokha. Amafunsa kuti phirili lasenza chiyani kuyambira pamene chisanu chinayamba.

Mu 1993 maiko a ku Ulaya anagwirizana za muyeso umodzi wa chiopsezo, wa masitepe asanu. Sitepe yoyamba ikutanthauza kuti chiopsezo n'chochepa, ndipo yachisanu ikutanthauza kuti n'chachikulu zedi. Anthu ambiri safera pa sitepe yachisanu, chifukwa tsiku lotero aliyense amachita mantha n'kukhala pakhomo. Ambiri amafera pa sitepe yachitatu, pamene phiri limaoneka labwinobwino koma mkati mwake muli mofooka. Oyenda m'mapiriwa amanyamulanso fosholo, ndodo yaitali yofufuzira, ndi kachipangizo kotumiza chizindikiro ngati wailesi, chifukwa munthu wokwiririka akafukulidwa pasanathe mphindi 15 kawirikawiri amapezeka wamoyo, koma nthawiyo ikadutsa mwayi wake umachepa mofulumira. Choncho womupulumutsa ndi mnzake amene ali naye pomwepo, osati thandizo lochokera kutali.

Dothi la m'phiri nalo lili ndi miyalo

Tsopano tibwerere kwathu. Aliyense amene anakwerapo galimoto kuchoka pa boma la Mangochi kupita ku Namwera amadziwa chitunda cha ku Chowe, pamene msewu umakhotakhota pokwera phiri. M'malo amene opanga msewu anasema phiri, munthu amaona ndi maso zimene anzathu aja amachita kukumbira dzenje. Pamwamba pali dothi lakuda la mizu. Pansi pake pali dothi lofiira kapena lotuwa. Kenaka pali mwala wofumbutuka umene umanyenyeka ndi khasu, ndipo pansi penipeni pali thanthwe lolimba. Wokumba chimbudzi kapena chitsime m'tsinde mwa phiri amadutsanso miyalo yomweyi.

Mvula ikagwa, madzi amalowa mosavuta m'miyalo yapamwamba, koma akafika pathanthwe amasowa kolowera. Amayamba kuyenda pang'onopang'ono pakati pa dothi ndi thanthwe kulowera kumunsi. Ngati mvula ikugwa yochuluka kuposa madzi amene akutuluka, madziwo amadzaza timipata tonse ta m'dothi, n'kuyamba kukankha timibulu ta dothi kuti tisagwirane. Apa ndiye kuti muyalo wofooka wapangika. Dothi lonse la pamwamba, pamodzi ndi mitengo ndi miyala yake, lasanduka thabwa lija lokhala pa khobwe.

Pa nthawi yomweyo katundu amakhala akuwonjezeka. Masamu ake ndi osavuta. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa hekitala imodzi, madzi ake amalemera matani 1,000. Ena amayenderera pamtunda, koma ambiri amalowa pansi. Motero mvula imachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: imalemeretsa dothi, ndipo imafooketsa pamene dothilo lagwirira.

Dothi logumukalo likagwera mukhwawa lodzaza madzi, limasanduka phala la matope. Phala limeneli ndi lolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi wamba, n'chifukwa chake limanyamula matanthwe aakulu ngati nyumba. Likamatsika limakokolola zonse za m'khwawamo n'kumakulirakulira, mpaka kukatulukira kuchidikha kumene limamwazikana. Ameneyu ndiye napolo.

Zimene mbiri ikutiuza

Mu Disembala 1946 ku Zomba kunagwa mvula yopitirira mamilimita 700 pasanathe masiku awiri. Tikayerekeza, imeneyi ndi pafupifupi mvula imene madera a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi amalandira chaka chathunthu. Phiri la Zomba linagumuka m'malo ambiri, milatho inakokoloka ndipo anthu anafa. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi ku Phalombe linagumuka n'kupha anthu pafupifupi 500. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa kuti boma likhazikitse lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho, ndipo lamulo limeneli linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023.

Tikaika ngozizi pamodzi tikuona njira ziwiri. Ya ku Zomba inadza kumayambiriro kwa dzinja chifukwa mvula yake inali yochuluka modabwitsa. Ya ku Phalombe ndi ya Freddy zinadza mu Malichi, nthaka itamwa kale madzi kwa miyezi itatu kapena inayi. Mvula yomweyo imene phiri lingaipirire mu Novembala ikhoza kuligwetsa mu Malichi. Apa ndi pamene tikufanana kwambiri ndi anthu a m'maiko a chipale: chiopsezo cha lero chimadalira zimene zakhala zikuunjikana nyengo yonse.

Tikuonanso kuti Phalombe anagwiriridwa kawiri, mu 1991 ndi mu 2023. Pakati pake panadutsa zaka 32, nthawi yokwanira kuti mwana wobadwa pambuyo pa ngozi yoyamba akule, akwatire ndi kumanga nyumba yake osadziwa bwino kumene matope anadutsa. Chikumbumtima cha munthu ndi chachifupi poyerekeza ndi cha phiri.

Chifukwa chake Mangochi ayenera kutchera khutu

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira, ndipo mapiri a m'mbali mwake ndi milomo ya mng'alu umenewo. N'chifukwa chake amakwera modzidzimutsa. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pamene pali nyanja zamchere, pamene nsonga zina za kum'mawa, ku Namizimu ndi kuphiri la Mangochi, zimapitirira mamita 1,500. Mitsinje ngati Lungwena imatsika kuchokera kumeneko pamtunda waufupi. Kumadzulo kuli Phirilongwe, ndipo ku Nankumba mapiri a matanthwe amafika mpaka m'madzi, monga mmene zilili ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Chinthu choyamba chija, malo otsetsereka, tili nacho.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu. Pa kalembera wa 2008 boma la Mangochi linali ndi anthu pafupifupi 800,000, koma pa kalembera wa 2018 anapitirira 1.1 miliyoni. Malo a m'chidikha akatha, minda ndi nyumba zimakwera phiri. Nyanja nayo imakankha. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri n'kumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'mbali mwa gombe. Munthu amene madzi amulowera m'nyumba amaganiza zosamukira kumtunda, ndipo malo amene amaoneka abwino ndi pakamwa pa khwawa: ndi pokwererapo, dothi lake ndi lachonde, madzi ali pafupi, miyala yomangira maziko ili mbwee. Koma tidzifunse kuti miyala imeneyo inabwera bwanji. Matanthwe obulungira amene amwazikana patali ndi phiri, pamalo amene mtsinje wa masiku onse sungawasunthe, ndi umboni wakuti napolo anadutsapo kale.

Chachitatu ndi mitengo. Nkhalango za Namizimu, Mangochi ndi Phirilongwe zinatetezedwa kuyambira m'nthawi ya atsamunda, koma zakhala zikudulidwa chifukwa cha makala, nkhuni zowambira nsomba, kuotcha njerwa, kuchiza fodya ndi kutsegula minda. Mizu ya mitengo imasoka dothi ngati ulusi, ndipo ina imalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kukhala ngati zikhomo. Mtengo ukadulidwa, phiri siligumuka chaka chomwecho, chifukwa mizu imakhala ikadali yolimba. Imawola pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, n'kusiya timauna tolowetsa madzi. Wodula mtengo amaona ngati palibe chimene chalakwika, pamene kwenikweni wakwirira muyalo wofooka umene udzadikira mvula yake. Moto wa m'tchire umene timayatsa posaka mbewa umawonjezera vutoli pochotsa udzu ndi masamba ophimba nthaka.

Tiyenera kunena chilungamo kuti mitengo si mankhwala a chilichonse. Mvula ikachuluka ngati ya 1946, ngakhale phiri la nkhalango limagumuka, makamaka ngati pofookapo pali pakuya kuposa pamene mizu imafika. Mitengo imachepetsa zigumukire zosaya, zimene ndi zochuluka, koma siipereka chilolezo chomanga nyumba pakamwa pa khwawa.

Chachinayi ndi zoyambitsa zina kupatula mvula. Kusema phiri pofuna malo a nyumba kapena msewu kumachotsa mwendo umene dothi la kumtunda latsamira. Kukumba miyala ya kwale m'tsinde mwa phiri kumachita chimodzimodzi. Palinso zivomerezi, pakuti chigwa chathu chikadasuntha. Chivomerezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 chinagwetsa nyumba zambiri ndi kupha anthu, ndipo Salima sali kutali ndi gombe lathu. Chivomerezi chikapeza nthaka yonyowa, chimakhala ngati phazi la mwana uja pathabwa.

Ng'oma imene napolo amaimba

Agogo anga ankanena kuti napolo akamasamuka pamamveka chiphokoso ngati ng'oma zoimbidwa pansi pa nthaka. Ndili mwana ndinkayesa nthano chabe, koma phokosolo ndi lenileni: ndi matanthwe amene akugundana m'khwawa ndi mitengo imene ikuthyoka. Vuto lake ndi lakuti imeneyi ndi ng'oma yomaliza, ndipo woimva amatsala ndi mphindi zochepa. Zilipo zizindikiro zina zimene zimayamba kale.

Zina zimaoneka m'chilimwe, munthu akamayendera phiri mosathamanga. Mitengo yopendekeka, kapena yokhota m'tsinde ngati chigongono, imasonyeza kuti dothi likutsetsereka pang'onopang'ono. Ming'alu yopingasa phiri, malo otitimira ngati masitepe, ndi zipsera zakale pamene pamamera udzu wokha pakati pa mitengo, zonsezi ndi zolemba za phiri. Nyumba imene khoma lake likung'ambika kapena chitseko chake chayamba kuvuta kutseka ikhoza kukhala pa nthaka yoyenda.

Zina zimaoneka m'dzinja. Kasupe akatumphuka pamalo pamene sipanatulukepo madzi, ndiye kuti nthaka yakhuta. Madzi a kasupe wakale akasanduka matope, ndiye kuti dothi la mkati layamba kusuntha. Timiyala tikamagubuduka tokha, kapena mng'alu ukamakula pakati pa m'mawa ndi madzulo, nthawi yatha. Chizindikiro chonyenga kwambiri ndi mtsinje umene waphwa mwadzidzidzi mvula ikadagwa. Anthu amasangalala kuti madzi achepa, ena amatsikiramo kuti awoloke, pamene chimene chachitika n'chakuti dothi latseka khwawa kumtunda ndipo madzi akuunjikana kuseri kwake. Chotsekacho chikaphulika, zonse zimabwera pamodzi.

Pothawa, munthu asathamangire kumunsi motsata khwawa, pakuti matope amathamanga kuposa iye. Athawire cham'mbali, kukwera pamsana pa chitunda. Koma kuthawa kwabwino ndi kochoka kusanade. Mvula yamphamvu ikagwa usana wonse nthaka ili yokhuta kale, banja lokhala pansi pa chitsetse kapena pakamwa pa khwawa likagone kwa abale, kusukulu, kumzikiti kapena kutchalitchi kumene kuli kotetezeka. Usiku munthu saona mng'alu, ndipo phokoso la mvula padenga la malata limatseka makutu.

Pamene tikusiyana ndi anzathu a kuchipale

Kufananitsa kuli ndi malire ake. Woyenda pachipale kawirikawiri amapita kuphiri mwa kufuna kwake, ndipo akaona kuti zinthu sizili bwino akhoza kubwerera. Mlimi wa m'tsinde mwa phiri ngozi imamupeza pamphasa, ndipo nthawi zambiri anamanga pamenepo chifukwa chosowa malo ena. Kumuuza kuti asamuke popanda kumusonyeza kopita ndi kumunyoza. Nkhani ya malo ili m'manja mwa mafumu ndi khonsolo, ndipo ndi iwo amene angaletse kugawa malo m'njira za napolo. Chinanso, chipale chimasungunuka chaka chilichonse ndipo phiri limayambiranso, pamene dothi lathu limasunga zolakwa za zaka makumi angapo. Komanso wokwiririka m'matope alibe ngakhale mphindi 15 zija, chifukwa m'matope mulibe mpweya ndipo miyala imavulaza. Kwa ife, kupewa ndiye chipulumutso chenicheni.

Ngakhale zili choncho, mwambo wowerenga chilengedwe si wachilendo kwa ife. Msodzi wa ku Makawa kapena ku Msaka sakankhira bwato m'madzi asanayang'ane mitambo ndi mafunde. Amadziwa miyezi ya mwera, ndipo nthambi ya boma yoona zanyengo ikalengeza za mwera pawailesi, uthengawo umafika padoko lililonse. Luso limene tili nalo panyanja ndi lomwelo limene likufunika paphiri. Choyezera mvula ndi chipangizo chosavuta, chimene ana a sukulu ya pulaimale angathe kuwerenga m'mawa uliwonse n'kulemba pabolodi mvula yonse imene yagwa kuyambira Novembala. Makomiti a m'midzi oona za ngozi angathe kuyendera makwawa mvula isanayambe, pamodzi ndi okalamba amene akukumbukira kumene madzi anadutsa kale.

Ntchito ya ife ophunzira zilankhulo

Wina angafunse kuti nkhani ya miyala ndi matope ikutikhudza bwanji ife a zilankhulo. Yankho ndi lakuti chenjezo ndi mawu, ndipo chenjezo losamveka silipulumutsa munthu. Kunena kuti kugwa mvula ya mamilimita 150 sikuuza mayi wa kwa Chowe chimene ayenera kuchita usiku umenewo. Mphamvu ya muyeso wa ku Ulaya uja ili pakuti sitepe iliyonse ili ndi dzina limodzi, tanthauzo limodzi ndi zochita zake, ndipo aliyense amazidziwa. Ifenso tikhoza kukonza mawu ochepa ogwirizana, m'Chichewa ndi m'Chiyao chimene anthu ambiri a ku Mangochi amalankhula, monga akuti nthaka ikumwa, nthaka yakhuta, ndi akuti chokani lero. Mawailesi a m'boma lathu, monga Dzimwe ndi Radio Maria, akamabwereza mawu omwewo chaka ndi chaka, ngakhale mwana adzawadziwa.

Dzina la napolo nalo tiligwiritse ntchito mwanzeru. Ophunzira ena amafuna kulitaya ponena kuti ndi zikhulupiriro zachikale. Ndi zoona kuti dzinali likhoza kugwetsa anthu ulesi, ngati akuganiza kuti chinjoka chikafuna kudutsa palibe chimene munthu angachite. Koma mkati mwa chikhulupirirochi muli mfundo zimene sayansi ikuvomereza: napolo amachokera kuphiri kulowera kunyanja, amayenda nthawi ya mvula yambiri, amamveka asanafike, ndipo ali ndi njira yake. Kuuza mudzi kuti "pano ndi panjira ya napolo" kumamveka msanga kuposa chiganizo chilichonse cha m'buku la sayansi ya miyala. Ntchito yathu si kupha dzinali ayi, koma kulilumikiza ndi zizindikiro zimene munthu angaone ndi maso.

Mathero

Chimangirizo chino chaonetsa kuti chigumukire, kaya cha chipale kaya cha dothi, chimafuna malo otsetsereka, katundu pamwamba, pofooka pansi, ndi choyambitsa. Zitatu zoyambazo zimakhalapo nthawi yaitali ngozi isanachitike, ndipo zikhoza kuwerengedwa. Anthu a ku Alps sanathetse zigumukire, koma anaphunzira kufunsa tsiku ndi tsiku kuti phiri lasenza chiyani. Zomba, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre analipira kale mtengo wa phunziro limeneli. Mangochi ali ndi mapiri otsetsereka, anthu ochuluka m'tsinde mwake, nkhalango zimene zikutha ndiponso nyanja imene ikukankhira anthu kumtunda. Mwambi uja ndi woona pa zinthu zambiri, koma pa nkhani ya napolo ng'oma imalira ndithu. Malichi akamayandikira, tiyeni tizitembenukako n'kuyang'ana phiri limene lili kuseri kwa nyumba zathu.